Dzuwa likalavula, ndani ali maso ku ZESCO?

Owotcherera zitseko ku Kalingalinga ndi ometa tsitsi ku Chawama amadziwa mdani mmodzi wa magetsi: chilala. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, makomboni ankakhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku. Koma alipo anawauza kuti dzuwa lingathe kuwotcha thiransifoma damu lili lodzaza?

Nthawi zina dzuwa limalavula chimtambo cha mpweya wamoto wodzala ndi mphamvu ya maginito, cholemera matani mabiliyoni. Chaliwiro chimafika kuno tsiku lisanathe, chaulesi chimayenda masiku atatu kapena anayi. Chikagunda maginito a dziko lapansi, m'mawaya aatali mumalowa mphamvu yosaitanidwa, mathiransifoma akuluakulu n'kumapsa chamkati. Pa 13 March 1989 chigawo cha Quebec ku Canada chinakhala maola 9 chopanda magetsi chifukwa cha namondwe wa dzuwa wotere. Mukuti izo n'za kumpoto kozizira? Nanga mathiransifoma a Eskom ku South Africa, omwe anawonongeka utadutsa namondwe wa dzuwa wa October 2003, anali ku Canada? Mawaya athu ndi awo sanakumane kodi mu Southern African Power Pool?

Chenjezo lilipo, ndipo ndi laulere. Chombo cha SOHO, chomwe ESA ndi NASA anaponya mumlengalenga mu December 1995, chimaphimba nkhope ya dzuwa kuti chione zotuluka m'mphepete mwake. Zithunzi zake akazipatsa pulogalamu ya kompyuta ya WSA-Enlil, imayerekeza njira ya mtambowo ndi nthawi yofikira, ngakhale imaphonya ndi maola angapo. Ukali wake weniweni umadziwika mtambo ukamadutsa zombo zoima makilomita 1.5 miliyoni kuchoka kuno, ndipo apo pamatsala mphindi 15 mpaka ola limodzi basi. Ku Hermanus ku South Africa, bungwe la SANSA limalondera dzuwa usana ndi usiku kuyambira November 2022.

Tsono uthengawo ukafika 2 koloko usiku, amauwerenga ndani ku ZESCO? Ali ndi chilolezo chopepuza katundu pa mawaya a 330 kV ochoka ku Kafue Gorge, kapena adikire bwana adzuke? Pa 10 ndi 11 May 2024, kutagwa namondwe woopsa kwambiri chichokere 2003, alipo anayeza zomwe zinkadutsa m'mathiransifoma athu? Ngati anayeza, zotsatira zili m'kabati ya yani? Energy Regulation Board inafunsapo?

Sitikunena kuti ngoziyi ikuposa ya chilala. Koma damu limadzazanso mvula ikabwera, pomwe thiransifoma yaikulu sigulidwa ku Kamwala: kuitanitsa ina kumatha chaka kapena kupitirira. Wa ku Kabulonga ali ndi sola ndi jenereta. Mayi wa ku Kanyama, pampu ikaima miyezi, adzatunga kuti ngati si m'zitsime zosaya zija zinafalitsa kolera mu 2017 ndi 2018?