Musanakhomere ngolo ya charcuterie, yambani mwaganiza za ayisi

Mnzanga wina wa kuhositelo wandisowetsa mtendere ndi mavidiyo a pa TikTok ndi Instagram. M'mavidiyomo muli atsikana a ku America akukankha kangolo koyera, ka matayala ndi ambulera, kulowa nako paukwati. Pangolopo amayalapo nyama yodula mopyapyala, tchizi, mphesa, mtedza, mabisiketi ndi uchi. Mlendo amangoloza zomwe wakonda, mwini ngolo n'kumuikira m'kabokosi ka pepala. Iwo amati charcuterie cart. Mnzangayu akumaliza sukulu chaka chino, za ntchito sakuziwerengera, ndipo wapeza kale kalipentala woti amukhomere ngolo yotere. Mpamba wake ndi ndalama zomwe wasunga kwa zaka ziwiri pogulitsa kaunjika.

Ndamuuza kuti geniyi ikhoza kuyenda, koma iye wayambira kumchira. Ngolo ndi chinthu chomaliza kugula. Choyamba ndi kudziwa zomwe uyalepo, komwe uzizigula, ndi momwe uzisungire kuti zisadwalitse anthu.

Tiyambe ndi dzinalo. Mawu oti charcuterie ndi Achifalansa, ndipo anachokera ku mawu otanthauza nyama yophika. Ku France, kuyambira zaka za m'ma 1400, kunali anthu omwe ntchito yawo inali kuthira mchere, kuwamba ndi kuumitsa nyama, makamaka ya nkhumba, kuti isawole. Mafuriji kunalibe. Nyama ya ku Italy yotchedwa prosciutto, yomwe lero ndi ya anthu a ndalama, ndi mwendo wa nkhumba wothira mchere n'kuupachika kwa chaka kapena kuposerapo. Nzeru yake ndi yomweyo yomwe agogo athu ankagwiritsa ntchito powamba nyama pamoto, kufutsa masamba ndi kuyanika usipa pathandala. Azungu anatenga zakudya za kwawo n'kuziyala mokongola. Ife tikamatengera, timafuna kutengera ndi zakudya zomwe, ndipo vuto limayambira pamenepo.

Salami, prosciutto, tchizi ya brie, maolivi ndi mphesa zomwe timaona m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimachokera kunja, zambiri kudzera ku South Africa. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Tsono taganizani: mkwatibwi wakulipirani mu July kuti mudzatumikire paukwati wake mu October. Mwagwirizana mtengo, mwalandira ndalama. Pofika tsikulo tchizi ija yakwera, kapena yasoweratu pashelefu. Simungabwerere kwa mkwatibwi kukapempha zoonjezera. Phindu lanu lathera m'sitolo ya munthu wina.

Vuto lachiwiri ndi lomwe limandiopsa kwambiri, ndipo silioneka pa Instagram. Nyama yozizira ndi tchizi sizibwerera pamoto zisanadyedwe. Bungwe la WHO limalangiza kuti chakudya chosachedwa kuwonongeka chizisungidwa pansi pa madigiri 5, ndipo chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Maukwati athu ambiri amachitika m'chilimwe, pomwe kutentha kumadutsa madigiri 30. Ndipo ndani anaonapo mwambo wa ukwati ukuyamba nthawi yolembedwa pakhadi? Mwayala nyama 1 koloko, akwati akufika 3 koloko, perekaniperekani akutha dzuwa litapendeka. Usiku wa dzulo lake magetsi anazima, furiji inagona yosayaka. Nyama imaonekabe bwino, fungo ilibe, koma tizilombo tachulukana kale.

Izi si zongoopseza. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa kunabuka matenda a listeriosis, anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira. Gwero lake linapezeka kuti linali poloni wa pafakitale ina ku Polokwane. Kachilombo ka listeria kamatha kuswana ngakhale mufuriji, ndipo kamavutitsa kwambiri amayi oyembekezera, makanda ndi okalamba. Tsono onani komwe ngolo yotereyi ingaitanidwe kawirikawiri: ma bridal shower ndi ma baby shower, komwe amayi oyembekezera ndiwo eni mwambo. Munthu mmodzi yekha akadwala, nkhani imazungulira magulu a WhatsApp tsiku lomwelo, geni n'kuthera pompo. Ndipo kutha kwa geni n'kochepa poyerekeza ndi moyo wa mwana wa eni ake.

Palinso nkhani ya nkhumba. Charcuterie ya ku Ulaya yadzadza ndi nkhumba, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu. Onjezanipo a Seventh-day Adventist, omwenso sadya nkhumba. Pamwambo wa anthu 150 simungasowe alendo otere. Mpeni umodzi wodulira zonse ndi wokwanira kukutayitsani makasitomala.

Ndiye tisiye? Ayi. Chomwe anthu amalipira pangolo ija ndi kukongola kwake, kusankha wekha, ndi chithunzi choika pa status. Zimenezi tingazipereke ndi zakudya za konkuno. Makadamiya amalimidwa ku Thyolo. Nanazi ali ku Mulanje, manachesi ku Mwanza, masitiroberi paphiri la Zomba, mango ku Salima. Mtedza wokazinga, tchipisi ta nthochi ndi ta chinangwa, uchi, jamu wa malambe, tsabola wa kambuzi, nyama ya ng'ombe youmitsa ngati biltong, chambo chowamba choduladula, timazira ta zinziri, tizitumbuwa ting'onoting'ono. Zambiri mwa izi sizifuna furiji, sizifuna dola, ndipo Msilamu ndi Mkhristu adyera limodzi. Tchizi ikhalepo, koma mtundu umodzi kapena iwiri, yolimba, yotuluka mu cooler box pang'onopang'ono. Mndandanda uzisintha ndi nyengo, chifukwa mango a December simungawalonjeze munthu wa ukwati wa June.

Mnzanga uja anandiyankha kuti anthu olipira zinthu ngati izi amafuna zachizungu, zitumbuwa amadya kwawo. Mfundoyi ili ndi mutu. Alipodi makasitomala omwe akufuna salami basi. Amenewo muwapatse, koma pamtengo wapadera, ndipo mtengowo muzitsimikiza kutatsala masiku ochepa, mutaona kale zomwe zili m'sitolo. Komanso tisaiwale kuti mlendo wa paukwati wa Chimalawi amayembekezera mpunga ndi nkhuku. Ngolo yanu ndi yongotsekulira pakamwa. Msika wake weniweni ndi waung'ono: zinkhoswe za m'tauni, ma shower, maphwando a kuofesi, zikondwerero za omaliza maphunziro. Msika waung'ono sufuna kuloweramo ndi ngongole.

N'chifukwa chake ndikuti ngolo idikire. Yambani ndi mathireyi a matabwa awiri kapena atatu ndi tebulo lobwereka. Gulani cooler box yabwino, pezani komwe muzigula ayisi mosalephera, ndipo mukhale ndi kachipangizo koyezera kuzizira. Pitani kukhonsolo ya mzinda mukafunse za chiphaso chogulitsira zakudya, ndipo ngati mudzapakire jamu kapena nyama youma m'mapaketi, a Malawi Bureau of Standards akukhudzani. Tumikirani miyambo isanu, mukulemba chilichonse: zogula, galimoto, ayisi, timabokosi, wokuthandizani, zotsala zomwe mwataya, ndi maola anu omwe. Ambiri timaiwala kudzilipira tokha, n'kumati tapindula. Musagule kanthu kasitomala asanapereke theka la ndalama. Pambuyo pa miyambo isanuyo, kabuku kanu kadzakuuzani ngati ngolo ikufunika. Ikafunika, ikhale yopindika, yolowa m'galimoto yaing'ono, chifukwa ngolo yofuna lole paulendo uliwonse idzakudyerani phindu lonse m'misewu yathuyi.

Mnzanga uja sanakondwe nane. Akuti ndamuphera maloto. Komabe dzulo ndinamuona akufunsa mtengo wa cooler box pa WhatsApp, ndipo kalipentala wamuuza kuti ayambe wadikira. Loweruka likubwerali ali ndi chinkhoswe cha msuweni wake, anthu makumi anayi, mathireyi awiri. Ine wandilemba ntchito yonyamula ayisi.