Chibwenzi chisaphe ubwenzi

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Koma mnyamata wa zaka 15 kapena 16 amangozindikira ali pakati pa mapanga awiri asadafune n'komwe. Uku kuli mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, uku kuli msungwana amene wamusowetsa tulo.

Vutoli ndi limene limapatsa moyo mabuku ambiri olembedwera achinyamata, ndipo chitsanzo chodziwika ndi mabuku asanu ndi awiri a Harry Potter, omwe mayi wa ku Britain, J.K. Rowling, adatulutsa pakati pa 1997 ndi 2007.

Makolo ena amadana ndi mabukuwa kaamba ka nkhani za matsenga. Komatu pansi pa matsengawo pali nkhani ya anyamata awiri, Harry ndi Ron Weasley, amene akuphunzira kukonda msungwana popanda kutaya mnzako. Phunziro lake ndi lakuti chimene chimapha ubwenzi si chibwenzi ayi, koma kubisirana ndi kusunga zinthu kukhosi.

M'buku lachisanu ndi chimodzi, lomwe lidatuluka m'chaka cha 2005, Harry ali ndi zaka 16 ndipo wagwa m'chikondi ndi Ginny, mlongo wake wa Ron. Apa mpovuta. Banja la Ron ndi limene lidamulandira Harry, mwana wamasiye, n'kumamudyetsa patchuthi ngati mwana wawo. Kufunsira mwana wa m'nyumba yotere kungaoneke ngati kulavulira m'mbale yomwe wadyera.

Kwa miyezi ingapo Harry adangokhala duu, kudzizunza mumtima poganiza kuti Ron amutembenukira. Koma tsiku lomwe chikondicho chidaonekera poyera, Ron adangodabwa pang'ono kenaka n'kuvomereza. Mantha onse aja adali opanda mutu. Mnzake weniweni amavutika akabisiridwa, osati akasanduka mlamu.

Ron naye ali ndi mlandu wake. Mtima wake udali pa Hermione Granger, mnzawo wachitatu, koma pakamwa padali polemera. M'malo monena zoona, adayamba chibwenzi ndi msungwana wina, Lavender Brown. Atatopa naye adasowa mphamvu zomuuza, mpaka ankanamizira kugona Lavender akabwera kudzamuzonda kuchipatala chapasukulu.

Owerenga amaseka akafika pamenepa, koma nkhaniyi njomvetsa chisoni. Mantha a mnyamata mmodzi adapweteka asungwana awiri ndipo adatsala pang'ono kumwaza gulu lonse la abwenzi. Anyamata ambiri amachita zomwezi: kuzemba, kusayankha, kudikira kuti msungwanayo atope yekha. Kumeneko si kukoma mtima, ndi mantha basi.

Pamene Rowling adaonetsa luso lake kwambiri ndi m'buku lachisanu la m'chaka cha 2003. Harry ali pachibwenzi ndi Cho Chang. Mnzake wa Cho, Marietta Edgecombe, adakaulula kwa Dolores Umbridge, mayi wankhanza wotumidwa ndi unduna, za gulu la ophunzira lomwe linkakumana mobisa. Harry adapsa mtima, koma Cho adaikira kumbuyo mnzakeyo. Chibwenzi chidathera pomwepo.

Ambiri amamuona Cho ngati wolakwa. Koma kodi adalakwanji? Iye adakana kutaya mnzake pofuna kusangalatsa mnyamata, zomwe Harry naye adachita pokana kudzudzula Hermione. Aliyense adagwiritsitsa wake. Kukhulupirika kuli ndi mtengo wake, ndipo mnyamata amene amafuna kuti msungwana alemekeze anzake a iye ayeneranso kulemekeza anzake a msungwanayo.

N'zachisoni kuti filimu ya bukuli, yomwe idatuluka mu 2007, idasintha nkhaniyi n'kuchititsa kuti Cho yemweyo ndiye aulule chinsinsi atamwetsedwa mankhwala. Woonera filimu yokha amaphonya phunziro lonseli.

Izi sizikutanthauza kuti Harry ndi mngelo. Kumapeto kwa buku lachisanu ndi chimodzi adathetsa chibwenzi ndi Ginny ati pofuna kumuteteza kwa adani. Ena amati kumeneko ndi kudzipereka. Koma adagamula yekha, osafunsa mwini wake kuti akuganiza bwanji. Chikondi chosafunsa chimafanana kwambiri ndi ulamuliro, ndipo owerenga achinyamata ayenera kuloledwa kutsutsa ngwazi yawo pamenepa.

Mayeso aakulu adabwera m'buku lomaliza la mu 2007. Ron, atadyedwa ndi nsanje poganiza kuti Hermione amakonda Harry, adathawa n'kusiya anzake m'tchire panthawi yoopsa. Patapita masabata adabwerera, n'kupulumutsa Harry yemwe ankamira m'dziwe lozizira. Ndi pamenepo pomwe Harry adamuuza mosabisa kuti Hermione amamuona ngati mlongo wake chabe. Mawu ochepawa akadanenedwa kale, misozi yambiri sikadagwa.

Pali ena amene amati mabuku otere amaphunzitsa ana zibwenzi nthawi isadakwane. Nkhawa yawo njomveka, koma mnyamata sadikira buku kuti mtima uyambe kugunda. Chomwe amasowa ndi womuuza chochita ukagunda. Abambo ambiri amachita manyazi kukamba zoterezi, ndipo amalume amabwera zinthu zitavuta kale. Otsala ndi anyamata anzake, amene nzeru zawo nthawi zambiri zimathera pa kuwerenga asungwana ngati zigoli.

Buku labwino limamupatsa mnyamata mpata wolakwitsa papepala, osati pamoyo wa mwana wa eni ake. Amaona zotsatira za nsanje, bodza ndi mantha asadawotche mlatho ndi mnzake.

Choncho kholo likapeza mwana wake wamwamuna atazama m'buku lotere, lisathamangire kumulanda. Limufunse kuti akadakhala Ron akadatani, nanga akadakhala Cho akadasankha ndani. Yankho lake lingaulule zambiri za mwamuna amene akukula m'nyumbamo.