Makomo a Mayunivesiti Akunja Satseguka Mwamwayi

Caka ciliconse zotsatila za mayeso a Giledi 12 zikatuluka, m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi mumamveka funso limodzi: mwana wakhoza bwino, tsopano apite kuti? Makolo ena amayang'ana ku University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, kapena ku Copperbelt University. Ena amaponya maso kutali, ku Britain, ku America, ku South Africa, ku India kapena ku China. Cikhumbo cotele n'cabwino ndithu. Koma banja limene silidziwa mmene mayunivesiti akunja amasankhila ana ocokela m'maiko ena likhoza kutsiliza ng'ombe m'khola ndi ndalama zonse za thonje ndi fodya, mwanayo osapondako n'komwe m'kalasi.

Coyamba cimene osankha amayang'ana ndi satifiketi. Bungwe la Examinations Council of Zambia limapeleka magiledi kuyambila 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiyo yapamwamba koposa. Kuno kwathu mwana wofuna malo pa yunivesiti ya boma amafunika kukhoza maphunzilo asanu ndi giledi 6 kapena kuposapo, kuphatikizapo Cingelezi. Ku Britain zinthu n'zosiyana. Mayunivesiti ambili kumeneko amalinganiza satifiketi ya Giledi 12 ndi mayeso a GCSE, amene ana a kumeneko amalemba ali ndi zaka 16, asanaonjezele zaka zina ziwili za A-Level. Motelo ngakhale mwana wopeza mapointi 6 kawilikawili amauzidwa kuti ayambe walemba A-Level, kapena aphunzile caka cathunthu cokonzekela, cimene naco cimalipilidwa. Apa m'pamene pali phindu la dongosolo latsopano la maphunzilo limene Boma linayamba kugwilitsa nchito mu 2025, lokhala ndi Fomu 5 ndi Fomu 6. Cofunika n'cakuti makalasi amenewa afike ku masukulu a kumidzi, asathele m'mizinda ya m'mbali mwa njanji mokha.

Ku Britain makalata ofunsila malo amadzela ku bungwe limodzi lochedwa UCAS, ndipo wophunzila amaloledwa kusankha maphunzilo osapitilila asanu. Wofuna Oxford, Cambridge kapena maphunzilo a udokotala ayenela kutumiza kalata yake pofika pa 15 Okutobala, pafupifupi caka cathunthu maphunzilo asanayambe. Ena ambili amatsekela mu Januwale. Osankha amayang'ana magiledi a maphunzilo okhudzana ndi cimene mwana afuna kukaphunzila, kalata ya umboni yocokela kwa mphunzitsi wake, ndi mau amene mwanayo walemba yekha ofotokoza cifukwa cake wasankha phunzilolo. Oxford ndi Cambridge amaonjezelapo kufunsa mafunso pakamwa. Kawilikawili yankho limabwela ndi lamulo lakuti malo alipo pokhapokha mwana akapeza magiledi akutiakuti pa mayeso otsiliza. Akapelewela, malowo akhoza kupita kwa wina.

Ku America kasankhidwe kake n'kena. Makoleji oposa 1,000 amalandila fomu imodzi yochedwa Common Application, ndipo ochuka mwa iwo amafuna kumudziwa munthu yense wathunthu. Amawelenga malipoti a sukulu a zaka zingapo, makalata a aphunzitsi, nkhani ya mau osapitilila 650 imene mwana amalemba yonena za moyo wake, ndi mndandanda wa nchito zimene amagwila akaweluka. Pamenepa mwana wa kumudzi asadzicepetse. Kulela ang'ono ake, kuthandiza kumunda, kuweta ziweto ndi kugulitsa pamsika kuti papezeke ndalama ya sopo, zonsezi zimawelengedwa monga udindo wa pabanja, ndipo pali malo ozilembapo pa fomuyo. Mayeso a SAT makoleji ambili analeka kuwakakamiza mu 2020 pa nthawi ya mlili wa Covid-19, koma MIT inabwezeletsa lamulo lofuna mayeso mu 2022, ndipo Harvard ndi Yale anacita cimodzimodzi mu 2024. Mpikisano wake ndi woopsa: mu 2024 Harvard inatenga osakwana anai pa ofunsila 100 alionse. Mwana wanzelu sakoloweka ciyembekezo cake conse pa dzina limodzi lochuka.

Pali ciyeso cinanso ca cinenelo. Ngakhale kuti ana a mu Zambia amaphunzila m'Cingelezi, mayunivesiti ena amafunabe mayeso a IELTS kapena TOEFL. Pa IELTS malikisi apamwamba ndi 9, ndipo ambili amafuna 6 kapena 6.5. Ena amakhutila ndi giledi yabwino ya Cingelezi ya pa Giledi 12. Mayesowa ndi okwela mtengo, conco ndi bwino kuyamba wafunsa yunivesitiyo asanalipile.

Nkhani yaikulu koposa zonse ndi ndalama, ndipo pamenepa makolo ayenela kuuzidwa zoona zokhazokha. M'caka ca maphunzilo coyamba mu 2025, mwana wa ku England amalipila mapaundi osapitilila 9,535 pa caka, pamene mlendo kawilikawili amalipila kuwilikiza kawili kapena katatu. Ku mayunivesiti ambili ophunzila akunja ndiwo gwelo lalikulu la cuma, ndipo n'cifukwa cake ena amafulumila kutumiza makalata olandila. Kalata yakuti mwana wapatsidwa malo imasiyana kutali ndi kalata yakuti wapatsidwa thandizo la ndalama. Ku America makoleji ambili, posankha mlendo, amayang'ananso ngati banja lake lingathe kulipila. Ndi owelengeka okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst, amene amasankha osayang'ana m'thumba, kenaka n'kulipilila wosankhidwayo zonse zimene banja lake silingakwanitse.

Malo akapezeka, patsala khomo la viza. Yunivesiti ya ku Britain imapeleka nambala yochedwa CAS, ya ku America imapeleka fomu ya I-20, ndipo konseko akuluakulu oona za olowa m'dziko amafuna umboni wakuti ndalama za sukulu, cakudya ndi pogona zilipo. Malamulo amenewa amasintha monga mphepo. Mu Disembala 2025 boma la America linalengeza kuti kuyambila Januwale 2026 liimitsa kupeleka maviza atsopano a ophunzila kwa nzika za maiko angapo, ndipo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anali pa mndandandawo. Banja lililonse liyenela kufunsa ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mwana afuna kupitako lisanatulutse ngwee imodzi.

Njila zapafupi nazo zilipo, ngakhale kuti ambili amaziiwala. Mu 1997 maiko a SADC anasaina pangano la zamaphunzilo mumzinda wa Blantyre, logwilizana kuti mayunivesiti azisunga malo osacepela asanu pa 100 alionse kaamba ka ana a maiko anzao a m'cigawo cino, ndi kuti anawo azilipila monga eni dziko. Wofuna digili ku South Africa amayenela kupeza cikalata cocokela ku Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa, cotsimikiza kuti mayeso ake ndi okwanila. Kuno kwathu bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndilo limalengeza malo olipililidwa amene maiko monga Russia, China ndi India amapeleka ku Zambia. Palinso thandizo la Mastercard Foundation, limene kuyambila 2012 lakhala likulipilila ana anzelu ocokela m'mabanja osauka pa mayunivesiti a mu Africa ndi kunja.

Pakati pa njila zoona zimenezi pamayenda anthu amene amadzicha othandiza kupeza malo. Ena amagwila nchito yao moona, koma makolo adziwe kuti mayunivesiti ambili amalipila anthu otelewa pa mwana aliyense amene abweletsa, motelo uphungu wao ukhoza kupendekela kumene kuli phindu lao. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Munthu wolonjeza malo a udokotala kwa mwana amene sanakhoze sayansi, kapena wofuna ndalama zambili lelo lomwe popanda lisiti, ndi wofunika kumukayikila. Wina akanena kuti adzakonza satifiketi kapena cikalata ca ku banki, ameneyo akukumbila mwana dzenje, pakuti mayunivesiti amafufuza zikalata, ndipo ku Britain wopezeka ndi cinyengo pofunsila viza akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka khumi. Ndiponso mwana asananyamuke, makolo afunse ku Zambia Qualifications Authority ngati digili ya sukuluyo idzavomelezedwa kuno, kuopa kuti angabwele ndi pepala limene palibe wolemba nchito angalilandile.

Zonsezi zisonyeza kuti cimene cimagwetsa mwana wa kumudzi nthawi zambili ndico kumva mocedwa. Mnzake wa ku Lusaka amadziwa za masiku otsekela adakali m'Giledi 10, ali ndi intaneti m'manja ndi acibale amene anapitako kale. Wa ku Vubwi kapena ku Chama amayamba kufunsa zotsatila zitatuluka, makomo ambili atatsekedwa kale. Mpata umenewu ungathe kucepetsedwa popanda ndalama zambili. Aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi a uphungu akhomele zilengezo za malo olipililidwa pa bolodi la sukulu, alembe makalata a umboni pa nthawi yake, ndipo aone kuti ophunzila okhoza bwino ali ndi citupa ca NRC, pasipoti ndi keyala ya imelo asanacoke pasukulu. Maofesi a zamaphunzilo a m'maboma afikitse zilengezozi ku mawailesi a m'cigawo m'cinenelo cimene makolo amamva. Mafumu ndi anyakwawa akumbutse anthu ao kuti mwai umenewu ndi wa atsikana ndi anyamata mofanana.

Makolo nawo akumbukile kuti digili ya ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Kabwe si yonyozeka, ndipo ambili amene anaphunzila kunja anayamba atatenga digili yoyamba kuno, n'kukapitiliza maphunzilo apamwamba ndi ndalama za thandizo. Safunsa anadya phula. Ng'ombe ikhale m'khola kufikila zikalata zonse zitawelengedwa, mtengo wa zaka zonse utadziwika, ndipo ofesi yoyenela itatsimikiza kuti sukuluyo ndi yoona.