Tikumbutsane za Bambo Kinnah Phiri

Abale athu, ana athu amene athamangitsa mpira wa nsanza madzulo pabwalo sadziwa dzina ili, ndipo mlandu uli ndi ife akulu. Tsono auzeni.

Bambo Phiri adamwetsa zigoli 71 posewerera dziko lathu. M'chaka cha 1978 adali mwa anyamata aja a mphunzitsi Ted Powell amene adagonjetsa Zambia 3-2 ku Blantyre, natenga chikho. Miyendo italema sadauleke mpira, koma adasanduka mphunzitsi, natsogolera Flames ku Angola m'chaka cha 2010, kumpikisano wa Afrika umene tidausowa zaka 26. Komweko Algeria idagwa 3-0. Tidavina usiku wonse! Koma pamene adawachotsa ntchito mu 2013, ovina omwewo tidangoti zii.