Buku lopanda nambala silifika kuno

Nditaweruka kuchipatala Loweruka lina, ndinadzera kulaibulale ya m'dera lathu kuno ku Britain kukapempha kuti agule buku la nthano za Chichewa, ana anga aziwerenga. Mayi wogwira ntchito pamenepo anafufuza pa WorldCat, kaundula wa pa intaneti wa malaibulale a m'mayiko ambiri. Atalemba "Chichewa" anatuluka mabuku ochepa. Atalemba "Nyanja" anawonjezekera. Anzanga, musaiwale kanjira kameneka.

Koma lomwe ndinkafunalo silinapezeke. Linalibe ISBN, manambala 13 aja a kuchikuto, ndiye akanaliitanitsa bwanji?

Inu osindikiza mabuku kumudzi, ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba. Chonde kaitengeni. Mwana wanga wachisamba wayamba kale kundiyankha m'Chingelezi.