Kodi Oedipus Analakwa Chiyani?

Chaka ndi chaka ndimachonga mayeso a seŵero la Sophocles lotchedwa Oedipus Rex, ndipo ophunzira amayankha ngati anachita kupangana: Oedipus anagwa chifukwa cha kunyada. Mukawafunsa tanthauzo la hamartia, amati ndi chilema cha mumtima. Pamenepa ndi pomwe ife aphunzitsi tawasocheretsa anaŵa.

Liwuli tinalitenga m'buku la Aristotle lotchedwa Poetics, lomwe linalembedwa patapita zaka pafupifupi 100 chionetsereni seŵeroli ku Athens, cha m'ma 429 Yesu asanabadwe. Tsinde lake ndi kuphonya, monga mlenje aponya mkondo naphonya nyama. Oedipus anapha mkulu wina pa mphambano ya njira zitatu osadziŵa kuti ndi Laius, atate ake omubereka. Anakwatira Jocasta osadziŵa kuti ndi amayi ake. Ndipo zonsezi zinamugwera ali kuthaŵa kwawo ku Corinth, kuti ulosi wa ku Delphi usapherezeke. Kodi kumeneku nkunyada?

Taonaninso mthenga uja wochokera ku Corinth. Iye anadza ndi mtima wabwino kudzanena kuti mfumu Polybus yamwalira. Ataona kuti Oedipus akuopabe kubwerera kwa Merope, anamutonthoza pomuuza kuti aŵiriwo sanali makolo ake enieni. Mawu otonthozawo ndiwo anagwetsa nyumba yonse. Aristotle anatchula chitsanzo chomwechi pofotokoza peripeteia, kutembenuka kwa zinthu, kumene m'seŵeroli kumadza pamodzi ndi anagnorisis, kuzindikira choonadi.

Nanga anafukula choonadicho ndani? Oedipus mwini wake. Mliri unali kupulula anthu a ku Thebes, ndipo iye analumbira kuti adzampeza amene anapha Laius. Mlosi Teiresias anayamba wakana kulankhula. Jocasta anamudandaulira kuti aleke kufufuza. Mbusa wokalamba uja anachita kuopsezedwa kuti atsegule pakamwa. Kupsa mtima anali nako ndithu, sindikana, koma mfumu yamantha ikadangokhala chete nkufa ndi ulemu wake.

Chaka chino sindinalembe liwu lachigiriki ngakhale limodzi pa bolodi. Ndinangopatsa anyamata atatu mbali za mfumu, mthenga ndi mbusa kuti aseŵere. Mbusa atafika poulula kumene anatenga khandalo, m'kalasi munangoti zii, ndipo mtsikana wina wa kumbuyo anafuula kuti, "Musamufunsenso!"