Mayina a olandira fataleza awerengedwe poyera

Alimi anzanga ndi akhristu anzanga a ku Makeni, nkhani ya fataleza wa boma timaiyamba mocedwa. Timadikira mvula igunde, matumba acepe, ndiye tiyambe kudandaula pa wailesi. Koma fataleza amabedwa kale mvula isanagwe, tsiku limene mayina alembedwa ku kopaletivu.

Thandizoli linayamba mu 2002, nthawi ya a Mwanawasa. Mlimi anali kulandira matumba 8 ndi mbewu ya cimanga makilo 20, zokwanira hekitala imodzi. Mu 2009, a Rupiah Banda ali pampando, linachedwa FISP ndipo matumba anatsika kufika pa 4 kuti ambiri alandireko. Mu 2015 kunabwera e-voucher m'madisitirikiti 13, mlimi nkuikapo K400 yake. Atsogoleri asintha, njira zasintha, koma khomo likali limodzi: dzina lako lipite kudzera m'kopaletivu kapena gulu la alimi lolembetsedwa.

Tsono tiyang'ane makopaletivu athu. Ena amagona miyezi khumi, alibe msonkhano, alibe buku la ndalama, amadzuka pokhapo akamva fungo la Urea. Kuno ku Makeni mafamu akudulidwa kukhala mapuloti, munda wa dzana lero ndi mpanda wa njerwa. Nanga munthu amene alibe ngakhale lima imodzi, D Compound akaithira pati? Akatenga amagulitsa. Pamenepo mai wamasiye wolima ndi khasu amauzidwa kuti malo adzala, ayesenso caka camawa. Mu 2022 tinamva alimi m'madera ena akugawana thumba ndi meda, ngati nyemba pamsika. Meda imodzi ingakulitse cimanga canji?

Cimandiwawa ndi cakuti ena mwa olemba mayinawa timakhala nao pa benchi limodzi pa Misa, ena ndi atsogoleri m'timipingo tathu tating'ono. Ndalama ya FISP si mphatso ya cipani, ndi msonkho umene tonse timalipira tikagula sopo ndi shuga. Kulemba dzina la mlamu wako wosalima ndi kuthyola lamulo lacisanu ndi ciwiri, ngakhale pepalalo likhale ndi cidindo ca boma.

Boma lili ndi mbali yake, makamaka kufikitsa zinthu mvula isanayambe, ndipo tisaleke kulikumbutsa. Koma pa mayina sitifunika cilolezo ca nduna. Mamembala aitanitse msonkhano mayina asanapite kwa alangizi a zaulimi. Mlembi awerenge dzina lililonse mokweza, mwini dzina aimirire, anene pali munda wake, anansi avomereze. Ndalama iliyonse imene a komiti apempha pamwamba pa ya boma, ikhale ya umembala kapena ya galimoto yonyamula matumba, ilembedwe m'buku ndipo risiti iperekedwe. Wapampando akakana msonkhano wotere, mamembala amufunse kuti cisankho comaliza cinacitika caka citi.